Pangani nokha pulogalamu yolangiza anthu zoti asankhe, pogwiritsa ntchito SQLite ndi Python

Mukatsegula YouTube, mavidiyo amene mumawapeza akukudikirani patsamba loyamba sanasankhidwe ndi munthu. Pali pulogalamu imene yaona zomwe munaonera dzulo, yafananiza ndi zomwe anthu ena anaonera, kenako yaganiza kuti mwina izi zikusangalatsani. Pa Chingerezi amaitcha recommender system. Ine m'nkhaniyi ndiziti mlangizi, kuti tisamalume lilime.

Anthu ambiri akamva za mlangizi amaganiza za masamu oopsa ndi makompyuta odzaza chipinda. Koma mlangizi woyamba wogwira bwino ntchito mutha kumupanga palaputopu yakale, mumadzulo awiri, ndi database (nkhokwe yosungiramo deta mu kompyuta) imodzi yaing'ono. Chovuta kwenikweni si masamu ayi. Chovuta ndi kusanja bwino deta, komanso kudziyesa moona mtima kuti musadzinamize kuti mwapanga zodabwitsa. Pa ziwiri zimenezi ndi pamene ndichedwe.

Gawo 1: Tengani deta

Tigwiritsa ntchito MovieLens 100K, deta imene ochita kafukufuku akhala akuphunzirirapo kwa zaka zoposa 25. Inasonkhanitsidwa ndi gulu la GroupLens la pa University of Minnesota ku America, kuyambira pa 19 Sepitembala 1997 mpaka pa 22 Epulo 1998. Muli mavoti 100,000 amene anthu 943 anapereka pa mafilimu 1,682. Voti iliyonse ndi nyenyezi 1 mpaka 5, ndipo munthu aliyense anavotera mafilimu osachepera 20.

Pitani pa webusayiti ya GroupLens, mutenge fayilo ya ml-100k.zip. Ndi ya ma MB 5 basi, bandulo yanu siilira. Mukaitsegula mupezamo mafayilo ambiri, koma ife tikufuna awiri: u.data, momwe muli mavoti, ndi u.item, momwe muli mitu ya mafilimu. Palinso u.user, imene ili ndi zaka za munthu, ntchito yake ndi dera limene amakhala. Isiyeni pomwepo. Njira imene tigwiritse siifuna kudziwa kuti munthu ndani, imangofuna kudziwa zimene anakonda.

Werenganinso fayilo ya README. Eni ake amaloleza kugwiritsa ntchito detayi pophunzira ndi pa kafukufuku, koma osati kupangira ndalama kapena kuigawa kwa ena popanda chilolezo chawo.

Python, chiyankhulo cholembera mapulogamu, muli nayo kale kapena muyiike. SQLite, pulogalamu yoyendetsa database yathu, simufunika kuiika padera chifukwa imabwera pamodzi ndi Python.

Gawo 2: Mangani matebulo, ndipo muwaikire malamulo

Wina afunsa kuti bwanji osangotsegula zonsezi mu Excel. Tiyeni tiwerengere. Mukaika anthu 943 m'mizere yopingasa ndi mafilimu 1,682 m'mizere yotsika, mupeza timabokosi 1,586,126. Mwa timeneti, todzaza ndi 100,000 tokha, kutanthauza pafupifupi 6 pa 100 aliwonse. Tina tonse ndi topanda kanthu. Choncho m'malo mosunga bwalo lalikulu lopanda anthu, timasunga mzere umodzi pa voti iliyonse: ndani, filimu iti, nyenyezi zingati, liti. Kasungidwe kotere ka matebulo olumikizana kanachokera kwa Edgar F. Codd wa ku IBM mu 1970, ndipo mpaka lero mabanki ndi makampani a foni akudalira nzeru yomweyo.

Lembani izi mufayilo yotchedwa matebulo.sql:

```sql
CREATE TABLE mafilimu (
  id   INTEGER PRIMARY KEY,
  mutu TEXT NOT NULL
);
CREATE TABLE mavoti (
  munthu   INTEGER NOT NULL,
  filimu   INTEGER NOT NULL REFERENCES mafilimu(id),
  nyenyezi INTEGER NOT NULL CHECK (nyenyezi BETWEEN 1 AND 5),
  nthawi   INTEGER NOT NULL,
  PRIMARY KEY (munthu, filimu)
);
```

Mizere imeneyi ili ngati mlonda wa pageti. PRIMARY KEY ikukana kuti munthu mmodzi avotere filimu imodzi kawiri. CHECK ikukana nyenyezi 7 kapena 0. REFERENCES ikukana voti ya filimu imene kulibe. Mu MovieLens zinthu zinayeretsedwa kale, moti mlonda ameneyu angokhala khale. Koma tsiku limene mudzaikemo malisiti a sitolo yeniyeni, olembedwa ndi anthu atatu osiyana, wina akulemba "shuga" wina "Sugar 1kg" wina "shug", mudzamuthokoza.

Tsopano lowetsani deta:

```python
import sqlite3
db = sqlite3.connect("mlangizi.db")
db.execute("PRAGMA foreign_keys = ON")
db.executescript(open("matebulo.sql").read())
with db:
    with open("ml-100k/u.item", encoding="latin-1") as f:
        db.executemany("INSERT INTO mafilimu VALUES (?, ?)",
                       (m.split("|")[:2] for m in f))
    with open("ml-100k/u.data") as f:
        db.executemany("INSERT INTO mavoti VALUES (?, ?, ?, ?)",
                       (m.split() for m in f))
```

Pali tinthu titatu pamenepa timene timagwetsa anthu. Koyamba, SQLite sisamala za REFERENCES pokhapokha mutaiuza ndi mzere wa PRAGMA uja, ndipo muyenera kuiuza nthawi iliyonse mukatsegula database. Kachiwiri, u.item ndi fayilo yakale, ili ndi zilembo za Chifalansa zolembedwa mu latin-1, ndiye mukaiwala kunena zimenezi Python ikhoza kuima panjira n'kukulavulirani uthenga wofiira. Kachitatu ndi mawu awiri aja akuti `with db:`. Amenewa amamanga ntchito yonse kukhala mtolo umodzi: zilowe zonse kapena pasalowe kanthu. Magetsi akathima mutalowetsa mavoti 40,000, database simatsala ndi theka la nkhani. Ikatsegulidwanso imabwerera mmene inalili musanayambe. Kwa ife amene timagwira ntchito diso lili pa babu, ichi si chinthu chaching'ono. D. Richard Hipp anayamba kulemba SQLite mu 2000, ndipo lero imapezeka m'foni iliyonse ya Android ndi iPhone, kumene batire limatha nthawi ina iliyonse.

Musapitirire musanawerenge. `SELECT COUNT(*) FROM mavoti` ikupatseni 100000 ndendende. `SELECT AVG(nyenyezi) FROM mavoti` ikupatseni pafupifupi 3.53. Zikasiyana, pena pake palakwika, bwererani.

Gawo 3: Bisani mayankho musanayambe kuphunzitsa

Apa ndiye pagona nkhani. Mlangizi timamuyesa ngati mwana wasukulu: timamupatsa zoti aphunzire, kenako timamufunsa mafunso amene mayankho ake sanawaonepo. Ndiye tichotse mavoti 5 omaliza a munthu aliyense, tiwatsekere m'kabati. Mlangizi aphunzire pa otsalawo. Kenako timufunse kuti, munthu uyu aonere chiyani? Ngati m'zimene watchula muli filimu imene munthuyo anaikondadi pambuyo pake, wakhoza.

```sql
CREATE TABLE zogawa AS
SELECT *, ROW_NUMBER() OVER (
  PARTITION BY munthu ORDER BY nthawi DESC, filimu) AS malo
FROM mavoti;

CREATE TABLE zophunzira AS
SELECT munthu, filimu, nyenyezi FROM zogawa WHERE malo > 5;

CREATE TABLE mayeso AS
SELECT munthu, filimu FROM zogawa WHERE malo <= 5 AND nyenyezi >= 4;

CREATE INDEX i_zophunzira ON zophunzira(munthu, filimu);
```

ROW_NUMBER imafuna SQLite 3.25 kapena yatsopano kuposa pamenepo, ndipo imeneyi inatuluka mu 2018. Tebulo la zophunzira likhale ndi mizere 95,285, chifukwa 943 kuchulukitsa ndi 5 ndi 4,715. Mawu akuti `filimu` pambuyo pa `nthawi DESC` ali ndi ntchito: anthu ambiri ankavotera mafilimu angapo pa sekondi imodzimodzi, ndiye pakufunika chodulira mlandu kuti zotsatira zisamasinthesinthe.

Bwanji kusankha omaliza, osangotola mwachisawawa? Chifukwa moyo umayenda kupita kutsogolo. Mukatola mwachisawawa, mlangizi aphunzira zimene munthu anachita mu Malichi kuti alosere zimene anachita mu Januwale, zomwe pa ntchito yeniyeni sizingatheke.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira. Nditapanga mlangizi wanga woyamba, zotsatira zinabwera zokongola moti ndinaimirira pampando. Ndinajambula sikirini, kutumizira mnzanga pa WhatsApp usiku womwewo. Iye anangoyankha kuti, "Achimwene, tandionetsani pamene mukuwerengera ubale wa mafilimu." Nditayang'ana ndinapeza kuti pamzere umodzi ndinalemba `FROM mavoti` m'malo mwa `FROM zophunzira`. Mwana wanga analowa m'mayeso ndi likasa. Nditakonza mawu amodzi amenewo, manambala anatsika mpaka ndinachita manyazi. Kuchokera tsiku limenelo, ndikangomaliza kugawa deta, tebulo la mavoti sindilitchulanso pena paliponse, ndipo ndimafufuza mawuwo m'mafayilo onse ndisanakhulupirire nambala iliyonse. Zotsatira zikakoma kwambiri, yambani mwakayika.

Gawo 4: Pangani mlangizi waulesi poyamba

Mlangizi waulesi amauza aliyense zofanana: onerani zimene anthu ambiri akonda, kupatula zimene mwaona kale. Sadziwa munthu, alibe nzeru. Koma muyenera kumupanga, chifukwa ndiye muyezo. Mlangizi wanu wanzeru akalephera kupambana waulesiyu, ndiye kuti mwangotaya nthawi.

```sql
CREATE TABLE zokonda AS
SELECT munthu, filimu FROM zophunzira WHERE nyenyezi >= 4;
CREATE INDEX i_zokonda ON zokonda(munthu, filimu);

CREATE TABLE kutchuka AS
SELECT filimu, COUNT(*) AS n FROM zokonda GROUP BY filimu;
CREATE INDEX i_kutchuka ON kutchuka(filimu);
```

Kuti mulangize munthu, sankhani mafilimu 10 a pamwamba mu `kutchuka` amene sali m'zophunzira zake. Musagwiritse AVG pamenepa. Mukasanja potengera avereji ya nyenyezi, pamwamba pakhala mafilimu amene anavoteredwa ndi munthu mmodzi kapena awiri amene anapereka 5. Yesani nokha muone, mupeza mitu imene simunaimvepo.

Musamupeputse mlangizi wosavuta. Mu 2019, Maurizio Ferrari Dacrema, Paolo Cremonesi ndi Dietmar Jannach anatenga njira 18 zatsopano za neural network (mapulogalamu ophunzira okha motsanzira ubongo) zimene zinaonetsedwa pa misonkhano ikuluikulu ya akatswiri, n'kuyesa kubwereza zotsatira zake. Anakwanitsa kubwereza 7 zokha. Mwa 7 zimenezo, 6 zinkagonja kawirikawiri kwa njira zakale zosavuta, za mtundu womwewu umene tikupanga m'gawo lotsatirali, zikakonzedwa bwino. Nkhaniyi anaifotokoza pa msonkhano wa akatswiri a alangizi wotchedwa RecSys chaka chomwecho ndipo inavundula madzi.

Gawo 5: Pezani ubale pakati pa mafilimu

Pali njira ziwiri zakale. Yoyamba ndi kufunafuna anthu ofanana nanu n'kuona zimene iwo anakonda. Umu ndi mmene GroupLens inkachitira mu 1994, polangiza anthu nkhani zoti awerenge pa Usenet, mabwalo akale okambirana pa makompyuta. Yachiwiri ndi kufunafuna zinthu zofanana ndi zimene inu munakonda kale. Badrul Sarwar, George Karypis, Joseph Konstan ndi John Riedl anaifotokoza mu 2001, ndipo mu 2003 Greg Linden, Brent Smith ndi Jeremy York analemba mmene Amazon inkaigwiritsira ntchito. Ife titenga yachiwiriyi. Anthu amachuluka ndipo amasintha maganizo, pomwe katundu ndi wochepa ndipo ubale wake sukonda kusintha. Mutha kuuwerengera usiku n'kuusunga, masana muzingotola.

Mafilimu awiri ndi apachibale ngati anthu omwewo anawakonda onse awiri. Koma kungowerenga chiwerengero cha anthu kuli ndi msampha, ndipo aliyense amene anagulitsapo m'golosale audziwa. Funsani kuti, amene amagula sopo amagulanso chiyani? Shuga. Amene amagula machesi? Shuga. Amene amagula makandulo? Shuganso. Sikuti shuga ndi m'bale wa makandulo, kungoti aliyense amagula shuga. Mlangizi amene amangoti shuga, shuga, shuga sakuuzani chatsopano.

Mankhwala ake ndi kugawa. Tengani chiwerengero cha amene anakonda zonse ziwiri, muchigawe ndi square root ya zimene mwapeza mutachulukitsa okonda choyamba ndi okonda chachiwiri. Tiyese ndi pensulo, manambala ongoyerekeza. Filimu A inakondedwa ndi anthu 100, filimu B ndi anthu 25, ndipo 20 anakonda onse awiri. 100 kuchulukitsa 25 ndi 2,500, square root yake ndi 50, ndipo 20 kugawa ndi 50 ndi 0.4. Tsopano filimu C, yotchuka, inakondedwa ndi anthu 400, ndipo 40 mwa iwo anakondanso A. 100 kuchulukitsa 400 ndi 40,000, square root yake 200, ndipo 40 kugawa ndi 200 ndi 0.2. Mwaona? Powerenga mitu ya anthu, C ikuoneka pafupi ndi A kuposa B, 40 kwa 20. Koma titachotsa mphamvu ya kutchuka, m'bale weniweni wa A ndi B. Muyezo umenewu amautcha cosine, ndipo umakhala pakati pa 0 ndi 1.

```sql
CREATE TABLE ubale AS
SELECT a.filimu AS f1, b.filimu AS f2,
       COUNT(*) / sqrt(k1.n * k2.n) AS mphamvu
FROM zokonda a
JOIN zokonda b ON a.munthu = b.munthu AND a.filimu <> b.filimu
JOIN kutchuka k1 ON k1.filimu = a.filimu
JOIN kutchuka k2 ON k2.filimu = b.filimu
GROUP BY a.filimu, b.filimu
HAVING COUNT(*) >= 5;
CREATE INDEX i_ubale ON ubale(f1);
```

Tebulo la zokonda tikulilumikiza ndi lokha, kuti pa munthu aliyense tipeze mafilimu ake awiriawiri. Munthu amene anakonda mafilimu 200 yekha amabala mizere 39,800, ndiye musadabwe kompyuta ikayamba kupuma mwamphamvu kwa kanthawi. HAVING ija ikutaya ubale umene mboni zake sizikwana 5. Popanda imeneyi, mafilimu awiri amene anaonedwa ndi munthu mmodzi yekha apeza 1.0, ubale wa mapasa, pa umboni wa munthu mmodzi.

SQLite ikakana kuti sidziwa sqrt, ndiye kuti yanu ndi yakale kuposa 3.35 ya mu 2021, kapena inamangidwa popanda masamu amenewa. Ibwerekeni ya Python: `db.create_function("sqrt", 1, math.sqrt)`, mutayamba mwalemba `import math`. Chenjeraninso ndi kugawa: mu SQLite, `20 / 50` imapereka 0, osati 0.4, chifukwa manambala onse awiri alibe kadontho. Apa tapulumuka chifukwa sqrt imabweza nambala ya kadontho, koma kwina muzilemba `20 * 1.0 / 50`.

Funso likamachedwa, lembani `EXPLAIN QUERY PLAN` patsogolo pake. Mukaona mawu akuti SCAN pa tebulo lalikulu limene likufunsidwa mobwerezabwereza, ndiye kuti database ikuwerenga buku lonse kufuna dzina limodzi. SEARCH ndiye wabwino. Mukaona AUTOMATIC INDEX, SQLite ikukuuzani mwaulemu kuti yadzipangira yokha index (mlozo wofulumizitsa kufufuza) yongoyembekezera, ndipo ndi bwino muipangire yokhazikika.

Musanapite patsogolo, chitani chinthu chimene manambala sangakuchitireni. Sankhani filimu imene mukuidziwa, mutulutse abale ake 10 ndi mitu yawo, muwerenge ndi maso. Filimu ya zidole ya ana ikhale pafupi ndi anzake a ana. Gawo loyamba la filimu yokhala ndi zigawo likhale pafupi ndi lachiwiri. Mukaona zosokonekera, musapitirire, pali cholakwika m'mbuyomu.

Gawo 6: Langizani munthu

```sql
SELECT u.f2, SUM(u.mphamvu) AS mapointi
FROM zokonda z
JOIN ubale u ON u.f1 = z.filimu
WHERE z.munthu = ?
  AND u.f2 NOT IN (SELECT filimu FROM zophunzira WHERE munthu = ?)
GROUP BY u.f2
ORDER BY mapointi DESC, u.f2
LIMIT 10;
```

Filimu iliyonse imene munthuyo anakonda imakweza dzanja kusankha abale ake, ndipo amene apeza mapointi ambiri ndiwo apambana. Zizindikiro za `?` zija zisiyeni choncho, nambala ya munthu muziipereka padera: `db.execute(funso, (m, m))`. Osamata zimene munthu walemba m'kati mwa SQL. Kumata koteroko ndi khomo limene akuba amalowera kukafufuta kapena kuba database yonse, ndipo dzina lake ndi SQL injection.

Ubwino wina wa njirayi ndi woti imatha kudziyankhira. Munthu akafunsa kuti bwanji mwandipatsa iyi, mumangoyang'ana f1 imene inapereka mphamvu zambiri n'kunena kuti, chifukwa munakonda yakutiyakuti.

Gawo 7: Chongani mayeso

```python
def chonga(langiza):
    anthu = [r[0] for r in db.execute("SELECT DISTINCT munthu FROM mayeso")]
    akhoza, onse = 0, set()
    for m in anthu:
        khumi = set(langiza(m))
        zobisa = {r[0] for r in db.execute(
            "SELECT filimu FROM mayeso WHERE munthu = ?", (m,))}
        akhoza += bool(khumi & zobisa)
        onse |= khumi
    return akhoza / len(anthu), len(onse)
```

Apa `langiza` ndi function imene imalandira nambala ya munthu n'kubweza manambala a mafilimu 10. Lembani ziwiri, ya waulesi ndi ya ubale, muzipereke kwa `chonga` imodziimodzi.

Mupeza manambala awiri pa mlangizi aliyense. Yoyamba ikuuzani gawo la anthu amene mlangizi anawalasa ndi filimu imodzi kapena kuposa. Yachiwiri ikuuzani kuti pa mafilimu 1,682 aja, ndi angati amene anatchulidwako ngakhale kamodzi. Anthu ambiri amangoyang'ana yoyamba, koma ine yachiwiriyi ndimaikonda kwambiri. Waulesi amazungulira pa mafilimu ochepa omwewo. Ngati wanzeru wanunso akuzungulira pomwepo, ndiye kuti ndi waulesi yemweyo wangovala tayi.

Zikatero, chepetsani abale. M'malo mosunga ubale wonse, sungani abale 30 amphamvu kwambiri a filimu iliyonse, pogwiritsa ROW_NUMBER ija ndi `PARTITION BY f1 ORDER BY mphamvu DESC`. Popanda malire, filimu yotchuka imatola timapointi ting'onoting'ono kuchokera kulikonse mpaka kupambana ndi unyinji chabe. Yesani 10, 30, 100. Yesaninso kusintha 5 wa HAVING uja. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo lembani zotsatira zilizonse m'kafayilo, ndi tsiku lake. Mukasintha zitatu pamodzi simudzadziwa chimene chathandiza.

Pali kuba kwina kobisika pamenepa. Mukayesa kambirimbiri pa mayeso omwewo n'kusankha nambala imene yakhoza kwambiri, mwayamba kuloweza pepala la mayeso. Ochita kafukufuku amagawa deta patatu: yophunzirira, yosinthira manambala, ndi ya mayeso omaliza imene amaitsegula kamodzi kokha. Inunso mutha kutero pochotsa mavoti a pa malo 6 mpaka 10 kukhala osinthira.

Ndipo nambala yokwera si zonse. Mu Okutobala 2006, Netflix inalonjeza madola 1 miliyoni kwa aliyense amene angapambane mlangizi wake, Cinematch, ndi 10 pa 100 pa kulosera nyenyezi. Inatulutsa mavoti oposa 100 miliyoni a anthu pafupifupi 480,000 pa mafilimu 17,770. Mpikisano unatha mu 2009, ndipo gulu la BellKor's Pragmatic Chaos ndilo linatenga ndalamazo, litaphatikiza njira zambirimbiri pamodzi. Koma Netflix inadzanena yokha mu 2012 kuti msakanizo womalizawo sinauike pa ntchito. Phindu lowonjezeralo silinkalingana ndi ntchito yoti aumange, komanso anthu anali atayamba kuonera pa intaneti m'malo modikira DVD pa positi.

Gawo 8: Ikonzeni kuti mawa idzagwirenso

Zonse zimene mwachita zikhale m'mafayilo, osati m'mutu mwanu kapena m'mawindo khumi otsegula. Cholinga n'chakuti mufufute mlangizi.db, mulembe lamulo limodzi, zonse zimangidwenso kuchokera pachiyambi n'kupereka manambala omwewo. Yesanidi kufufuta. Mtima ukamagunda pochita zimenezi, ndiye kuti pali gawo limene munachita ndi manja ndipo simunalilembe.

Lembani `git init` kuti muyambitse Git, pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo, ndipo muzipanga commit (kusunga mmene mafayilo alili) mukasintha chilichonse chooneka. Mu .gitignore ikanimo mlangizi.db ndi foda ya ml-100k, chifukwa paja tinati detayi si yogawa.

Lembaninso timayeso ting'onoting'ono. Pangani database ya m'mutu mwa kompyuta ndi `sqlite3.connect(":memory:")`, muikemo anthu ochepa ndi mafilimu atatu amene ubale wawo mwauwerengera kale ndi pensulo, muone ngati pulogalamu ikupeza zomwezo. Pamenepa HAVING muitsitse kufika pa 1. Onjezani mayeso ena awiri: kuti mlangizi sabweza filimu imene munthu anaona kale, ndi kuti palibe mzere umene uli mu `mayeso` komanso mu `zophunzira`. Achiwiriwa ndi mzere umodzi wa INTERSECT umene uyenera kubweza zopanda kanthu.

Gawo 9: Mukafuna kuika deta yanu

Tiyerekeze kuti muli ndi malisiti a sitolo ya zipangizo zaulimi, kapena kaundula wa mabuku obwerekedwa ku laibulale ya sukulu. Nyenyezi mulibe, koma si vuto, chifukwa kuyambira gawo 4 takhala tikungogwiritsa "anakonda" kapena "sanakonde". Kugula kapena kubwereka kulowa m'malo mwa kukonda. Kumene ogula simuwadziwa maina, lisiti lililonse likhale ngati munthu.

Zinthu zitatu zisintha. Choyamba ndi nyengo. Mbewu ya chimanga ndi feteleza wokulitsa zimayenda mvula ikamayandikira, wobereketsa amatsatira chimanga chikamera, mankhwala a anankafumbwe ndi matumba amafunika pokolola. Mukagawa deta pa munthu aliyense monga tachitira muja, mlangizi aonabe zimene anthu ena anagula m'miyezi yakutsogolo. Ndiye dulani pa tsiku limodzi: zonse za m'mbuyo mwa tsikulo zikhale zophunzira, zakutsogolo zikhale mayeso. Mlangizi wouza mlimi kuti agule mbewu mu Meyi aseketsa anthu.

Chachiwiri ndi mlendo. Munthu watsopano alibe mbiri, katundu watsopano alibe abale. Kwa munthu watsopano bwererani kwa waulesi uja, koma muwerengere kutchuka kwa masabata aposachedwa okha. Katundu watsopano mupatseni malo amodzi pa 10 aja mwadala, apo ayi sadzaoneka, ndipo posaoneka sadzagulidwa, ndipo posagulidwa sadzapeza abale.

Chachitatu ndi chinsinsi cha anthu. Kuchotsa maina n'kuikapo manambala sikokwanira. Deta ya Netflix ija inalibe dzina la munthu aliyense, koma Arvind Narayanan ndi Vitaly Shmatikov a pa University of Texas ku Austin anaonetsa kuti poifananiza ndi mavoti amene anthu analemba poyera pa webusayiti ya mafilimu ya IMDb, ena ankatha kudziwika. Nkhaniyi inafika kukhoti, ndipo mpikisano wachiwiri umene Netflix inkakonza unathetsedwa mu 2010. Ganizirani tsono malisiti a sitolo ya mankhwala ya pa tauni yaing'ono, pamene aliyense amadziwana. Malawi ili ndi lamulo loteteza deta ya anthu, Data Protection Act ya 2024, Zambia ili ndi yake ya 2021, ndipo ku South Africa kuli POPIA. Manambala a foni asalowe mu database ya mlangizi. Akhale kwina, kotsekedwa, ndipo mlangizi azingoona nambala yongopeka. Katundu wina, monga mankhwala, muchotseretu pa zolangiza.

Tebulo la ubale muziliwerengera kamodzi pa tsiku, sitolo ikatsekedwa. Musafufute lakale musanamalize latsopano: mangani `ubale_watsopano` pambali, mufufuze kuti lili ndi mizere yokwanira, kenako mu transaction imodzi, mtolo umodzi uja, yoyamba ndi BEGIN n'kutha ndi COMMIT, gwetsani lakale, musinthe dzina la latsopanolo ndi `ALTER TABLE ubale_watsopano RENAME TO ubale`, n'kumanganso index. Magetsi akathima pakati pa ntchitoyi, m'mawa mupeza ubale wa dzulo udakalipo, ndipo sitolo itsegulidwa monga mwa masiku onse.